Kamangidwe ndi kakongoletsedwe ka maloboti apulasitiki a Gundam kuno ku Chipata

Bokosi la Gunpla, zidole zapulasitiki za maloboti a Gundam zimene mumamanga nokha, likamafika m'manja mwanu kuno ku Chipata limakhala litayenda mtunda wautali, kuchokera ku fakitale ya Bandai ku Shizuoka m'dziko la Japan, kudzera kwa ogulitsa apaintaneti kapena wachibale wokhala kunja, mpaka pa basi ya ku Lusaka yodzera mumsewu wa Great East Road. Kachiwalo kamodzi kakathyoka kapena kusowa, kupeza kena n'kovuta ndipo mumadikira nthawi yaitali, choncho ntchito yonse iyenera kuyendera kusamala.

Zidolezi zinayamba kugulitsidwa mu 1980, patapita chaka chimodzi katuni ya Mobile Suit Gundam itayamba kuonetsedwa pa wailesi yakanema ku Japan. Loboti ya RX-78-2 ya m'nkhaniyo ndi yotalika mamita 18, motero chidole cholembedwa 1/144, kutanthauza kuti chinachepetsedwa ka 144, chimakhala cha masentimita 12 ndi theka, pamene cha 1/100 chimafika masentimita 18. Zidolezi zili m'magulu osiyanasiyana, ndipo woyamba kumene asankhe High Grade ya 1/144, imene ziwalo zake zimalumikizana popanda guluu ndipo zimabwera zili kale ndi mitundu yake. Master Grade, imene inayamba mu 1995, ili ndi mafupa am'kati ofunika kumangidwa payekha. Real Grade ya mu 2010 ndi yokongola, koma tiziwalo take n'tating'ono kwambiri moti sindingailimbikitse kwa munthu amene manja ake sanazolowere.

Zida zambiri zilipo m'tauni momwemuno. Mufunika kapulaya kakang'ono kodulira mawaya kokhala ndi mbali imodzi yosalala, lumo latsopano, sandipepa wa nambala 600 ndi 1000, ndiponso zotokosera m'mano. Chopalira zikhadabo cha siponji chimene amagwiritsa ntchito ku saluni chimathandiza kwambiri pa malo opindika. Gwirani ntchito masana pafupi ndi zenera, pamwamba pa thileyi kapena chivindikiro cha bokosi lomwelo, chifukwa malaiti akapita kachiwalo kali pansi pa tebulo, mawa lake kamakapezeka katasesedwa.

Ziwalo zimabwera zitamatirira pa chimango chapulasitiki chokhala ndi chilembo, ndipo chilichonse chili ndi nambala yake, monga A12. Ngakhale kabuku ka malangizo katalembedwa m'Chijapani, zithunzi zake zimakwanira. Dulani ziwalo zokhazo zimene chithunzi chimene mulipo chikufuna, ndipo mukaona ×2 dziwani kuti mbaliyo imangidwa kawiri.

Pakudula m'pamene pagona ntchito yonse, ndipo ndimaona kuti chidole chodulidwa bwino chopanda penti chimaposa chopentedwa chimene chinadulidwa mothamanga. Musadule mogunda chiwalo. Pulasitiki ikapanikizidwa imayera, ndipo pa chiwalo chabuluu kapena chofiira banga loyeralo limaonekera patali. Choyamba dulani patali pang'ono, kusiya kachitsa ka mamilimita awiri kapena atatu. Chiwalo chikachoka pa chimango, chepetsani kachitsako ndi kapulaya, mbali yosalala itayang'ana ku chiwalo, kenako muzisenga chotsalacho ndi lumo pang'onopang'ono ngati mukusongola pensulo, lumo likuloza kutali ndi chala chanu. Mukatero palani ndi sandipepa wa 600, n'kutsirizira ndi wa 1000. Banga likakhala laling'ono, kulikwecha ndi chikhadabo nthawi zambiri kumabwezeretsa mtundu wake. Nyanga ya pachipumi yooneka ngati V ndiyo imathyoka msanga, choncho iduleni pomalizira ndipo poyiika igwireni pakati, osati kunsonga.

Musanakanikize mbali ziwiri kuti zitsekeke, yang'anani ngati timfundo tofewa tolembedwa PC talowa mbali yoyenera, popeza kutsegulanso kumathyola timisomali tam'kati. Zikafunikadi kutsegulidwa, lowetsani lumo pamsoko n'kumapotoza pang'ono mozungulira chiwalo chonse, osati pamalo amodzi.

Kukongoletsa kumayamba ndi mizere yolowa m'kati imene ili pathupi la loboti. Mzere wotuwa umakhala bwino pa zoyera, wakuda pa zabuluu, ndipo wakhofi pa zofiira ndi zachikasu. Cholembera cha Gundam Marker cha nsonga yopyapyala ndicho chinapangidwira ntchitoyi, koma pensulo yodina ya 0.5 kapena cholembera cha inki cha nsonga ya 0.05 chimagwiranso, ndipo pamene mwapitirira mumafufuta ndi labala. Penti wamadzimadzi wa enamel amatulutsa mizere yokongola, koma akalowa m'misoko ya chidole chomangidwa kale amafooketsa pulasitiki mpaka kung'aluka, makamaka ya mtundu wa ABS, imene dzina lake limalembedwa pa chimango. Mankhwala ochotsera penti wa m'zikhadabo asayandikire n'komwe chifukwa amasungunula pulasitiki. Zomata za m'maso ikani ndi chotokosera m'mano mutu usanatsekedwe.

Mukafuna kupopera vanishi wosawala, amene amabisa mikwingwirima ya sandipepa ndi kuchotsa kunyezimira kwa pulasitiki, yang'anani kaye nyengo. Kuyambira Disembala mpaka Malichi mpweya umakhala ndi chinyezi chambiri, ndipo vanishi wopopera tsiku lamvula amauma atachita mbuu. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala vuto ndi mphepo, fumbi ndi phulusa la moto wa kutchire, zimene zimamatirira pa chiwalo chisanaume. Meyi ndi Juni ndiyo miyezi yabwino, dzuwa litakwera pang'ono. Poperani panja, chitini chili pa mtunda wa masentimita 20 mpaka 30, dzanja likudutsa mwachangu, mikono, miyendo ndi thunthu chilichonse pachokha, kenako vindikirani ndi katoni yoyera. Ziwalo zoonekera m'kati, monga malupanga, muziike padera kuti zisachite khungu. Penti wopopera wa ku hadiweya anapangidwira zitsulo ndipo wina amadya pulasitiki, choncho muyeseni kaye pa chimango chotsala n'kudikira tsiku lathunthu.

Chidole chomalizidwa musachiike pazenera, chifukwa dzuwa limasandutsa zoyera kukhala zachikasu. Kabati yagalasi ya pabalaza ndiyo malo ake, ndipo fumbi likalowa muzichotsa ndi burashi yofewa yopakira zodzoladzola kumaso, osati nsalu, imene imakola nyanga ndi zala.