Mmene mungagulitsire galimoto yapamwamba ya saluni pa okushoni muli ku Kasungu

Munthu wa ku Kasungu safunika kumufotokozera tanthauzo la okushoni, chifukwa ambiri a ife tinakula tikuona mabelo akukwezedwa pa lole kupita ku Chinkhoma kapena ku Kanengo, ndipo tikudziwa kuti mtengo wa fodya umayambira m'chigafa, pa kasankhidwe ka masamba, osati pa tsiku limene ogula akudutsa m'mizere ya mabelo. Galimoto nayo ndi chimodzimodzi. Ngati muli ndi Mercedes-Benz, BMW, Lexus kapena Toyota Crown yomwe mwaisamalira bwino ndipo mwaganiza zoigulitsa pa okushoni, ntchito yaikulu muichita masabata angapo tsikulo lisanafike.

Mwina mungafunse chifukwa chovutikira ndi okushoni pamene mungangomata pepala pa galasi n'kuimika galimotoyo pafupi ndi depoti. Vuto ndi lakuti pano pa boma ogula galimoto yotere ndi ochepa. Mlimi wa ku Chamama kapena ku Santhe amene wapeza bwino chaka chino amafuna pikapu yonyamula feteleza, ndipo mnyamata wofuna kuyamba bizinesi ya matola amafunafuna Sienta kapena Probox. Saluni yotsika pansi, imene imagunda mimba pa msewu uliwonse wafumbi ndipo zipangizo zake n'zodula, imakopa anthu a m'maofesi ndi amalonda a mumzinda, ndipo okushoni imasonkhanitsa anthu oterowo pamalo amodzi kuti alimbirane.

Yambani ndi mapepala

Musanaitane makaniko kapena kugula polishi, tulutsani bulu buku, imene imasonyeza mwini wa galimoto, n'kuiwerenga mofatsa. Dzina lolembedwamo likhale lanu, ndipo nambala ya chesisi ndi ya injini zifanane ndendende ndi zimene zili pa galimoto. Pitani ndi tochi mukaziwerenge nokha, chilembo ndi chilembo. Anthu ambiri amayendetsa galimoto zaka zingapo ili m'dzina la mwini wake woyamba, ndipo amazindikira vutoli tsiku limene akufuna kuigulitsa, pamene mwini uja anasamukira ku Mzuzu kalekale kapena ali ku Johannesburg. Ngati zanu zili choncho, yambani mwasintha umwini ku Road Traffic, popeza kampani ya okushoni yolongosoka singalandire galimoto imene wogulitsayo sangathe kusonyeza kuti ndi yake.

Pali mitundu itatu ya magalimoto imene imafuna chidwi chapadera. Yoyamba ndi galimoto imene inalowa m'dziko muno popanda kulipira msonkho, monga zimachitikira ndi ya mabungwe ena kapena ya anthu amene lamulo limawapatsa mwayi umenewo. Galimoto yotere siigulitsidwa popanda chilolezo cha bungwe lotolera msonkho la MRA, ndipo ngati pali msonkho wotsala uyenera kulipidwa kaye. Yachiwiri ndi imene munagula pa ngongole ya kubanki kapena munaiika ngati chikole. Pamenepa mufunika kalata ya banki yonena kuti ngongole inatha, kapena yovomereza kuti igulitsidwe ndipo banki itengeko zake. Yachitatu ndi ya masiye, ndipo iyi ndi imene imadanitsa abale. Ngati Benz inali ya malemu bambo anu, kukhala mwana woyamba sikukupatsani mphamvu yoigulitsa. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limafuna kuti chuma chiyendetsedwe ndi munthu amene wapatsidwa mphamvu mwalamulo, choncho tengani makalata a kukhoti, ndipo khalani pansi ndi mayi ndi abale ena onse kuti pasadzakhale wotulukira pambuyo pake n'kunena kuti sanauzidwe.

Onaninso COF (chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pa msewu) ndi inshuwalansi ngati zikadali ndi masiku. Galimoto imene ili ndi COF yatsopano imauza wogula kuti angathe kuiyendetsa tsiku lomwelo popanda kuopa pa rodibuloko. Ngati galimotoyo inabwera kuchokera ku South Africa kapena inalowera pa chipata cha Mchinji kuchokera ku Zambia, khalani ndi mapepala a kasitomu ndi chikalata cha apolisi chosonyeza kuti si yobedwa. Pa zonsezi pewani madobadoba amene amazungulira kunja kwa maofesi akulonjeza kukufulumizitsirani zinthu, chifukwa pepala lachinyengo limodzi lokha likhoza kuimitsa malonda onse.

Sonkhanitsani umboni wa chisamaliro

Aliyense wogulitsa galimoto amanena kuti anaisamalira, choncho mawu okha sakweza mtengo. Chimene chimakweza mtengo ndi faelo ya malisiti: a sevisi, a oyilo, a matayala, a batire, a mabuleki, oikidwa motsatana ndi masiku ake komanso makilomita amene galimoto inali itayenda nthawi iliyonse. Ngati inachokera ku Japan, fufuzani pepala la okushoni ya kumeneko, limene limasonyeza giredi yake monga 4 kapena 4.5, komanso chikalata chotulutsira galimoto m'dzikomo chimene chimalemba makilomita. Wogula wodziwa zinthu akayerekeza manambala amenewa ndi a pa dashibodi n'kuona kuti akugwirizana, mtima wake umakhala m'malo. Kiyi wachiwiri nayenso mumupeze, chifukwa kudulitsa ndi kulumikizitsa kiyi wa galimoto za mtundu uwu si nkhani ya kandalama kochepa, ndipo ogula amadziwa.

Konzani zooneka, koma musabise matenda

Apa m'pamene ambiri amaononga ndalama. Si nzeru kuthira mamiliyoni pokonzetsa giyabokosi kapena kupenta galimoto yonse, poganiza kuti ndalamazo zibwerera pa okushoni, chifukwa nthawi zambiri sizibwerera, ndipo penti watsopano amachititsa ogula kuganiza kuti galimotoyo inachitapo ngozi. Konzani zing'onozing'ono zimene diso limaona msanga: babu lakufa, mawaipa othetheka, nsalu ya kudenga imene yayamba kulendewera chifukwa cha kutentha, magalasi a nyali amene achita chikasu. Mipando yachikopa ipakeni mafuta ake kuti ming'alu ya dzuwa isaonekere kwambiri. Fumbi lofiira la misewu yathu limabisala m'mphepete mwa zitseko, pansi pa makapeti ndi m'malo a tayala lapadera, ndipo wogula wa mumzinda akangotsegula buti n'kuliona, amaganiza kuti galimotoyo yakhala ikuyenda m'maesiteti moyo wake wonse.

Pitani nayo kwa makaniko amene ali ndi kompyuta yoyezera magalimoto kuti akuuzeni chimene chikuyatsa nyali iliyonse ya pa dashibodi. Ngati ndi sensa yotsika mtengo, isintheni. Musalole kuti angozimitsa nyaliyo popanda kukonza chilichonse. Ndinaonapo Benz ya E-Class yakuda, yonyezimira ngati ya pa ukwati, imene mwini wake anaizimitsira nyali dzulo lake. M'mawa wa tsiku loonetsa magalimoto, mkulu wina wovala jekete anapempha kiyi, anailiza ili yozizira, n'kuisiya ikulira mphindi zingapo uku akuyang'ana ku ekizozi, ndipo nyali ya injini inayakanso anthu asanu akuona. Kumbuyo kwake kunali kutatsikanso usikuwo, chifukwa inali ya sasipenshoni ya mpweya imene inali kutaya pang'onopang'ono. Nkhaniyo inafalikira bwalo lonse nthawi ya nkhomaliro isanakwane, ndipo galimoto imene ikanagulidwa bwino vuto lake likananenedwa poyera inabwerera kwawo. Kubweza makilomita m'mbuyo ndiye musayerekeze n'komwe, chifukwa chimenecho ndi chinyengo chimene chingakufikitseni kukhoti.

Sankhani kampani ndi nthawi

Makampani ambiri oyendetsa okushoni ya magalimoto ali ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndipo amalengeza malonda awo m'nyuzipepala ndi pa Facebook. Kwa ife a ku Kasungu, Lilongwe ndiye pafupi, ulendo wa makilomita pafupifupi 130 pa msewu wa M1 kudzera pa Madisi, Mponela ndi Lumbadzi. Langizo langa ndi lakuti mukaonerere kaye okushoni imodzi musanapereke galimoto yanu. Onani kuchuluka kwa anthu, mtundu wa magalimoto amene akugulitsidwa, ndiponso mmene bwalolo likutetezedwera usiku. Saluni yapamwamba siyenda malonda ikaikidwa pakati pa magalimoto a ngozi ndi malole akufa, chifukwa obwera kumeneko amafuna zophwasula. Imayenda bwino pa tsiku limene bungwe lalikulu kapena kampani ikugulitsa magalimoto ake oyenda, pamene anthu obwera amakhala ndi ndalama m'thumba.

Nyengo nayo ili ndi mbali yake. Miyezi ya Januwale ndi Febuluwale ndalama zimakhala zitapita ku feteleza ndi sukulu fizi, ndipo ngakhale amalonda a mumzinda amadandaula. Msika wa fodya ukatsegulidwa cha mu Epulo n'kupitirira m'miyezi yozizira, ndalama zimayamba kuzungulira m'chigawo chonse chapakati.

Mtengo wotsikitsitsa ndi mgwirizano

Ili ndi gawo lofunika kulikhalira pansi. Musanasaine chilichonse, gwirizanani ndi kampaniyo za mtengo umene galimoto singagulitsidwe pansi pake, umene iwo amautcha reserve price, ndipo ulembedwe m'manambala ndi m'mawu. Popanda mtengo umenewu, nyundo imene woyendetsa okushoni amatsekera malonda ikhoza kugwa pa ndalama iliyonse imene womaliza watchula, ndipo simudzakhala ndi ponena.

Poupeza mtengowu musayambire pa ndalama imene munagulira. Kwacha inatsika mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, choncho mtengo wa zaka zam'mbuyomo sukuuzani kanthu za lero. Fufuzani kuti kuitanitsa galimoto yofanana nayo kuchokera ku Japan kudzera ku Dar es Salaam kungadye zingati panopa, kuphatikiza mayendedwe ndi msonkho, chifukwa wogula aliyense wanzeru amawerengera zomwezo. Onaninso mitengo ya m'mabwalo ogulitsira magalimoto ku Lilongwe, pokumbukira kuti mtengo wolembedwa pa galasi si umene anthu amalipira akamaliza kunenerera. Reserve price yanu ikhale pansi pa mitengo imeneyi, popeza munthu amabwera ku okushoni kudzafuna zotsikirako, ndipo amagula galimoto monga ilili, popanda kuiyendetsa mtunda wautali kapena kudzaibweza. Mukaika mtengo wokwera chifukwa cha chikondi chimene muli nacho pa galimotoyo, ogula amangokhala chete, ndipo galimoto imene yabwerera kamodzi anthu amaikumbukira ikabweranso.

Kenako funsani zonse zimene zidzadulidwe. Tiyerekeze kuti galimoto yagulidwa pa K30 miliyoni ndipo komishoni imene munagwirizana ndi 10 peresenti: K3 miliyoni yapita musanawerengere msonkho wa pa komishoniyo, ndalama yolengezera ndi yosungira galimoto. Manambalawa ndi chitsanzo chabe, koma akusonyeza kuti ndalama yoti muziiyang'ana ndi yotsala m'manja mwanu, osati yofuulidwa m'bwalo. Mgwirizanowo unenenso zimene mudzalipire galimoto ikapanda kugulidwa, masiku amene adzapite musanalandire ndalama zanu, yemwe adzakhale ndi mlandu galimoto ikaonongeka ili m'manja mwawo, ndiponso chimene chidzachitike wopambana akalephera kumaliza kulipira.

Kupereka galimoto ndi tsiku la malonda

Nyamukani m'mawa kuti mufike kukadali kowala, ndipo muitsukitsenso mukafika mumzinda. Chotsani zanu zonse, kuphatikizapo mapepala a m'kabokosi ka kutsogolo ndi manambala a foni amene anasungika mu wailesi ya galimoto. Jambulani zithunzi mbali zonse zinayi, mkati, ndi dashibodi injini ikulira kuti makilomita ndi mafuta zioneke. Wolandira galimotoyo alembe zonse zimene mwasiya, monga jeke, sipanala ya matayala, tayala lapadera, chozimitsira moto ndi makiyi, ndipo nonse awiri musaine. Bulu buku yeniyeni musaisiye popanda lisiti. Ngati kampaniyo ikulola, siyani fotokope mpaka malonda atatheka.

Pa masiku oonetsa, faelo ya malisiti ija ikhale pamalo pamene ogula angaione. Mudzakumana ndi anthu okukokerani pambali kuti mugwirizane kunja n'cholinga chozemba komishoni. Akaneni, chifukwa mgwirizano umene munasaina ukhoza kukulipiritsani ndithu, komanso ambiri mwa iwo amangofuna kudziwa mtengo wanu wotsikitsitsa. Mtengowo musauze munthu, ngakhale mnzanu wa kumpingo. Musatumenso mlamu wanu kuti azikweza dzanja pofuna kukankha mtengo, popeza kuwonjezera pa kukhala chinyengo, nyundo ikhoza kugwera iyeyo, inu n'kulipira komishoni pa galimoto yanu yomwe. Ngati mtengo womaliza wapereweza pang'ono, woyendetsa okushoni angakufunseni ngati mukuvomera, choncho bwerani mutadziwa kale pamene mungalekezere, ndipo foni yanu ikhale yoyaka.

Nyundo ikagwa

Galimoto isatuluke m'bwalo ndalama zonse zisanalowe. Uthenga wa pa foni wonena kuti ndalama zatumizidwa si umboni, ndipo cheke ndi pepala chabe kufikira banki itatsimikiza kuti chadutsa. Pemphani kampaniyo ikupatseni chikalata chosonyeza mtengo umene galimoto yagulidwira, zonse zimene zadulidwa ndi ndalama yotsala, ndipo ndalamayo ilowe mu akaunti yanu ya kubanki m'malo moinyamula m'chikwama pa minibasi yobwerera ku Kasungu.

Chotsala ndi kusintha umwini, ndipo ichi musachisiyire wogula kuti adzachite akadzapeza mpata. Galimoto ikakhalabe m'dzina lanu, ngozi kapena mlandu uliwonse umene ingakhudzidwe nawo udzayamba wafika pakhomo panu. Ku Road Traffic amagwiritsa ntchito makina a MalTIS amene amazindikira anthu ndi zidindo za zala, choncho konzekerani kukaonekera nokha limodzi ndi wogulayo, mutatenga chiphaso chanu cha unzika, khadi lanu la Road Traffic, bulu buku ndi kalata ya malonda yochokera ku okushoni. Mukamaliza, sungani fotokope ya pepala lililonse, ndipo tsiku lomwelo lembani kalata ku kampani yanu ya inshuwalansi yowadziwitsa tsiku limene galimotoyo yachoka m'manja mwanu.