Mkangano wa mkaka wa mwana tinauthetsa ndi pepala lomata pakhoma

Makolo anzanga amene mumakangana pa kakonzedwe ka mkaka wa m'chitini, yesani izi. Kwathu bambo a mwana ankachulutsa madzi kuti chitini chifike kumapeto kwa mwezi, ine ndinkawonjezera ufa kuti mwana anenepe. Tonse tinkalakwitsa. Mkaka wamadzimadzi mwana sakhuta nawo, wochuluka ufa umamudzimbitsa.

Tinapita limodzi ku sikelo, ndipo zimene anatiuza anamwino tinazilemba papepala n'kumata pakhoma pamene timaika fulasiki. Wiritsani madzi, muwasiye apole osapitirira mphindi 30 kuti akhale otenthabe, osachepera madigiri 70, chifukwa ufawo umatha kukhala ndi tizilombo. Yambani kuthira madzi, ufa pambuyo, ndi kasupuni ka m'chitini momwemo, kodzaza koma kosatumphuka. Muyezo ndi umene alemba pachitinipo. Mkakawo ukazirala, donthezani pang'ono padzanja musanamupatse. Wotsala pakatha maola 2 tayani, ngakhale mtima uwawe poganiza mtengo wake.

Chomwe chinatipulumutsira ndalama ndi ichi: mwana wathanzi akakwanitsa chaka safunikanso mkaka wa m'chitini. Mkaka wa ng'ombe wowiritsa, womwera m'kapu, umakwanira, pamodzi ndi phala la nsinjiro, dzira, nthochi, nsima yofewa ndi nyemba zosinja. Ngati akuyamwa, apitirize mpaka zaka 2 kapena kuposerapo.

Pepalalo limathandizanso agogo akabwera kudzacheza. Amawerenga okha, sitichitanso kutsutsana mwana akulira ndi njala.