Momwe mungabwezere shuga m'chimake ndi chakudya cha makalori ochepa

Njira imeneyi ndi ya anthu onenepa amene ali ndi matenda a shuga a mtundu wachiwiri, ndipo cholinga chake n'kuchepetsa mafuta amene aunjikana m'chiwindi ndi m'kapamba, popeza mafutawo ndi amene amalepheretsa insulini kugwira bwino ntchito. Kafukufuku wa DiRECT, amene Mike Lean wa ku Glasgow ndi Roy Taylor wa ku Newcastle anatsogolera, anasonyeza mu 2017 kuti patatha chaka, anthu 46 pa 100 alionse amene anatsatira njirayi matenda awo a shuga anali atazilala osamwa mankhwala. Mwa amene kulemera kwawo kunatsika ndi makilogalamu 15 kapena kuposerapo, anali 86 pa 100.

Choyamba, kaonaneni ndi dokotala musanasinthe chilichonse pa kadyedwe kanu. Apa m'pamene pagona nkhani, chifukwa munthu amene akumwa mapiritsi otsitsa shuga a glibenclamide kapena kubaya insulini akangochepetsa chakudya yekha, shuga angatsike kwambiri mpaka kukomoka, ndipo mankhwala a kuthamanga kwa magazi nawonso amafunika kuunikidwanso. Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, odwala shuga wa mtundu woyamba komanso anthu owonda kale asayese n'komwe. Ku England, bungwe la boma loona zaumoyo la NHS limalandira pa njira imeneyi anthu a zaka 18 mpaka 65 amene anapezeka ndi matendawa m'zaka 6 zapitazi, ndipo kwa anthu akuda BMI (muyezo woyerekezera kulemera kwa munthu ndi msinkhu wake) yoyambira ndi 25 osati 27 monga kwa azungu, mfundo imene Amalawi okhala kumeneko ayenera kuidziwa akamapita kwa dokotala wawo.

Dokotala akavomereza, kwa masabata 12 mumasiya chakudya chonse cha masiku onse n'kumamwa supu ndi zakumwa zaufa zosungunula m'madzi, zokwana makalori 800 mpaka 900 patsiku. Zakudyazi anazikonza kuti zikhale ndi mapuloteni, mavitamini ndi mchere wofunika m'thupi, choncho phala lamadzimadzi kapena tiyi sizingalowe m'malo mwake. Muzimwa madzi ambiri. Masiku oyambirira mutu umapweteka, ena amamva chizungulire, kuzizidwa kapena kudzimbidwa, koma zizindikirozi zikapitirira muuzeni dokotala msanga.

Kenako bwererani ku chakudya pang'onopang'ono kwa masabata angapo, kuyambira ndi chakudya chimodzi patsiku, kenako ziwiri. Nsima kapena mpunga zisabwerere pa muyezo wakale: theka la mbale likhale masamba, ndipo mbali yotsalayo igawidwe pakati pa nsima ndi ndiwo monga nsomba, nyemba kapena mazira.

Gawo lomaliza, limene kunena zoona ndi lovuta kuposa masabata a supu aja, ndi kusunga thupi kuti lisanenepenso, chifukwa kulemera kukabwerera shuga amakweranso. Pa kafukufuku uja chiwerengero cha amene matenda awo anazilala chinatsika kufika pa 36 pa 100 m'chaka chachiwiri. Muzikwera sikelo mlungu uliwonse ndiponso kuyenda ndawala. Madokotala amati matenda azilala ngati HbA1c (muyezo wa shuga m'magazi pa miyezi iwiri kapena itatu yapitayo) ili pansi pa 6.5 peresenti kwa miyezi itatu osamwa mankhwala, komabe pitirizani kukayezetsa magazi, maso, impso ndi mapazi chaka chilichonse.