Mukamva kuti “mwalowedwa mphepo” ku China, yambani mwasiyanitsa

Inu amene mumakaoda katundu ku Guangzhou, kapena muli pasukulu ku China, tsiku lina mudzadwala chimfine ndipo mnzanu wa kumeneko adzati mwalowedwa mphepo. Sakunena za mizimu ayi. Pa chiphunzitso cha asing'anga awo, mphepo, imene amaitcha feng, ndiyo imatsogolera matenda ochokera kunja kwa thupi, ndipo amati imakonda kulowera pankhongo. N'chifukwa chake agogo a kumeneko salola mwana kutuluka khosi lili pamtunda.

Musathamangire mankhwala. Yambani mwaona kuti ndi mphepo iti, poti ilipo yozizira ndi yotentha, ndipo ziwirizi sazichiza mofanana.

Ngati mukumva kuzizira kwambiri, mamina ndi amadzimadzi, khosi lauma ndipo ludzu palibe, imeneyo amati mphepo yozizira. Dulani jinja wamuwisi tizidutswa tingapo, onjezani tsinde loyera la anyezi wa masamba ndi shuga wa bulawuni, wiritsani pang'ono, imwani zikadali zotentha. Kenako fundani. Zhang Zhongjing, sing'anga wa cha m'ma 200, polemba za mankhwala otchedwa Gui Zhi Tang analangiza kuti wodwala akamwa mankhwalawo amwenso phala lotentha n'kufunda, koma thukuta lingonyowetsa khungu, lisachite kuyenderera ngati madzi. Ambiri amalakwitsa pomwepa: amaunjika mabulangeti atatu, mawa n'kudzuka ali lefu. Thukuta likangoyamba, vulani malaya onyowawo, valani ouma, ndipo musakhale pa fani.

Koma pakhosi pakamapweteka, mamina ali achikasu, ludzu lili tho, imeneyo ndi mphepo yotentha. Jinja musiyeni. Apa amapereka zoziziritsa monga minti, kapena mankhwala otchedwa Yin Qiao San, amene sing'anga Wu Jutong anawalemba mu 1798 ndipo mapiritsi ake amagulitsidwabe m'mafamase.

Chenjerani ndi mankhwala aliwonse okhala ndi chomera chotchedwa “ma huang”. Amathamangitsa mtima ndi kukweza BP, moti dziko la America linaletsa mu 2004 mapiritsi owonjezera mphamvu opangidwa ndi chomerachi. Wa BP ndi mayi woyembekezera asawayandikire.

Ine pano ndinene mosabisa: jinja ndi bulangeti zimangopepuza chimfine, chimene chimabwera ndi mavairasi n'kutha chokha. Ngati mwangofika kuchokera kumudzi thupi n'kutentha, uzani dokotala kumene mwachokera, akuyezeni malungo tsiku lomwelo.

Palinso mphepo ina imene siyofunika tiyi. Matenda a sitiroko ku China amawatcha zhongfeng, kutanthauza kuombedwa ndi mphepo. Mukaona munthu pakamwa papotoka, mkono umodzi walobodoka, mawu akutuluka movuta, musamupatse chakumwa chilichonse, angatsamwe. Musadikirenso sing'anga womubaya tisingano. Onani nthawi imene zayambira, imbani 120 kuitana ambulansi, ndipo mukafika kauzeni adokotala nthawiyo, chifukwa mankhwala osungunula magazi oundana amaperekedwa asanathe maola anayi ndi theka.