Momwe mungapitire kukacheza kwa m'bale ku Joni pa basi

Musanagule tikiti, m'bale wanuyo akutumizireni adiresi yeniyeni ya komwe amakhala ndi nambala ya foni yomwe imagwira. Muzilembe papepala, chifukwa batire imatha musanafike n'ku Harare komwe. Amalawife sitifunika viza tikamapita ku South Africa kukacheza masiku osaposa 30, bola pasipoti ikhale ndi masamba opanda chidindo.

Basi imadutsa pa Mwanza ndi Zobue, kuwoloka Zambezi pa Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, kenako Harare, Beitbridge, mpaka Park Station ku Johannesburg. Tikiti gulani mu ofesi, osati kwa anyamata okutsatirani pa depoti. Marandi sinthirani konkuno. Osintha ndalama a m'malire amawerenga ngati amatsenga, mumazindikira kuti zaperewera basi itanyamuka kale. Achemwali anga anaitanitsa mpunga wa Kilombero, Nali ndi usipa, koma usipawo musanyamule wambiri, a zaulimi pachipata amatha kulanda.

Tsopano pa Beitbridge, pomwe ine ndinaona zakuda. Tinafika usiku, mzere utatalika, miyendo itatupa. Kunabwera mnyamata wovala jekete yowala ngati wantchito. "Mayi, bweretsani pasipoti ndi marandi 200, mukhale pansi mupume." Ndinapereka. Patapita kanthawi anabwera nayo akumwetulira, ine n'kuiponya m'chikwama osatsegula. Titawoloka Limpopo, tikuyandikira Musina, mayi amene ndinakhala nawo pampando anandifunsa kuti andipatsa masiku angati. Kutsegula, chidindo cha Zimbabwe chotulukira chinalimo, cha South Africa munalibe. Mtima unangoti myuu. Ndinatsika, kubwerera ndi takisi, kuima pamzere womwe uja mpaka m'mawa, katundu wanga atapita yekha ku Park Station.

Ndiye imani nokha pawindo, pasipoti ili m'manja mwanu. Akadinda, werengani tsiku lomwe alemba musanachoke, chifukwa nthawi zina amapereka masiku ochepera 30. Mukapyola tsikulo amakuletsani kulowanso m'dzikomo kwa chaka chimodzi, ndipo mukapyoza ndi masiku oposa 30 zimafika zaka 5.

Mukafika, Lamlungu loyamba tsatirani m'bale wanu komwe amapemphera. Ku Johannesburg kuli mipingo ya CCAP ya Amalawi, nyimbo zake zomwezi za kwathu, ndipo mapemphero akatha anthu amakhala panja kufunsana za ntchito ndi za amene akubwerera kumudzi, kuti amupatsire katundu. Yembekezerani kupatsidwa majumbo. Ine ndinabwerera ndi atatu a anthu omwe sindinkawadziwa. Lamlungu lachiwiri pitani kwa eni dziko. Ife tinapita ku Regina Mundi, tchalitchi cha Katolika cha ku Soweto, komwe amakuonetsani mabowo a zipolopolo zomwe apolisi anaombera pa zionetsero za ana asukulu mu 1976. Chizulu ndi Chisutu sindinamve, koma kuimba kwawo kunandiimitsa tsitsi. Anthu ovala baji ya nyenyezi pachifuwa omwe mudzawaone mu takisi ndi a mpingo wa Zion Christian Church (ZCC), aja amakasonkhana ku Moria nthawi ya Pasaka. Ngati ndi June kapena July, valani juzi, tchalitchi chimazizira ngati fuliji.

Zakudya sizovuta. Nsima yawo amati pap, youma pang'ono, amadyera chakalaka (ndiwo zamasamba zatsabola) ndi soseji ya boerewors. Amagwinya ndi mandasi aakulu. Kota ndi buledi wobowola woikamo tchipisi, poloni ndi atchar, mmodzi amakukwanani tsiku lonse. Ku shisa nyama mumasankha nokha nyama n'kukuwotcherani pomwepo, koma funsani mtengo isanaikidwe pamoto.

Pobwerera, tikiti gulirani masiku angapo lisanafike tsiku la pachidindo lija, ndipo majumbo a anthuwo muwatsegule muone zomwe zilimo.