Ku Tete pakamwa ndi Chichewa koma pepala ndi Chipwitikizi

Abale anga amene mwangowoloka kumene, kaya munadzera pa Zobue kuchokera ku Mwanza, kaya pa Calomue kuchokera ku Dedza, kaya munangodumpha msewu pa Lizulu paja mbatatesi imagulitsidwa mbali zonse ziwiri, chinthu choyamba chimene chimatipusitsa ife Amalawi kuno ku Mozambique, m'chigawo cha Tete, ndi chilankhulo. Ukafika ku Ulongue kapena ku Tsangano umamva anthu akuti mwadzuka bwanji, maina ndi omwewo, a Phiri, a Banda, a Mbewe, nsima ndi yomweyo, nde mtima umangokhala pansi kuti aaa kuno ndi kwathu komwe. Ngakhale mu mzinda wa Tete momwe anthu amayankhula Chinyungwe, ukatchera khutu sabata ziwiri umayamba kutola. Koma tsiku loti ulowe mu ofesi ndi pamene umadziwa kuti uli m'dziko la eni, chifukwa pepala lililonse kuno limayankhula Chipwitikizi ndipo silidziwa zoti agogo ako anabadwira ku Angónia.

Ndiyambe ndi za pa boda poti ndi pamene ambiri timalakwitsira. Mmalawi wokhala ndi pasipoti safuna viza, amakudindira masiku 30. Masiku amenewo ndi a mlendo, wobwera kudzaona abale kapena kudzagula katundu, si chilolezo chogwira ntchito kapena kukhazikika ai. Ndipo musanachoke pa windo paja tsegulani pasipotiyo muone ndi maso anu kuti chidindo chagwera, deti lake likuwerengeka, musamangoitenga nkuponya m'chikwama chifukwa kondakitala akukuwa panja. Mukapitirira masiku aja pali multa, ndiye kuti chindapusa, ndipo amawerengera tsiku ndi tsiku, moti munthu amene anangoti ndikonza mwezi wamawa amadzapezeka ali ndi ngongole yoposa ndalama imene anabwera kudzasaka. Kachiphaso kodutsira pa boda kaja nkothandiza popita kumsika kapena kumaliro kufupi ndi malire, musakwere nako chapa, minibasi ya kuno, mpaka ku Moatize nkumati muli ndi mapepala.

Amene mukufuna kukhala, dzina loti muliloweze ndi DIRE, chiphaso cha mlendo wokhala m'dziko muno, chimaperekedwa ndi a SENAMI omwe anthu amangoti Migração. Chili ndi nthawi yake yothera ndipo kukonzanso mumayamba chisanathe. Wantchito, chilolezo chogwirira ntchito chimadzera kwa bwana wanu ku ofesi ya zantchito, ndipo makampani ali ndi malire a chiwerengero cha alendo amene angalembe, nchifukwa chake ku migodi ya malasha ku Moatize kuja, imene kampani ya Vale inagulitsa kwa kampani ya Vulcan mu 2022, samangotola aliyense poti amadziwa Chingerezi. Bwana akamati yamba kaye mapepala tidzaona, dziwani kuti tsiku lakuyendera anthu a boma iye adzalipira chindapusa koma wokwezedwa galimoto kubwerera ku Mwanza ndinu. Pezaninso NUIT, nambala ya msonkho, chifukwa ku banki ndi malo ambiri amaifunsa. Ngakhale laini ya Movitel kapena Vodacom imafuna kulembetsa ndi chiphaso, nde ambiri timathamangira kulembetsa m'dzina la mnzathu wa kuno, zimayenda bwino mpaka tsiku limene foni yabedwa ndalama zili mu e-Mola kapena M-Pesa, mwini dzina uja anasamukira ku Beira kalekale.

Ine ndinaphunzira ndi ndalama zanga. Chaka changa choyamba kuno mkulu wina wovala bwino, nsapato yonyezimira ngakhale fumbi la ku Tete mukulidziwa, anandiuza kuti achimwene musavutike ndi mizere, ine ndimadziwana ndi akuluakulu, bweretsani pasipoti ndi kangachepe. Ndinapereka. Sabata yoyamba akuti bwana ali ku Maputo, yachiwiri akuti makina afa, yachitatu foni osagwira. Pasipoti ndinaipeza patatha mwezi ndi theka kudzera kwa mlamu wake, mulibe chilichonse chatsopano, masiku anga atapsa kale, ndalama zinapita ndipo multa ndinalipira ndekha. Pasipoti musamapatse munthu mumsewu, ndipo chilichonse mwalipira mu ofesi funsani recibo, ndiye kuti lisiti, musunge. Enanso amakunyengererani kuti tikupezereni BI, chiphaso cha unzika cha kuno, mukhale ngati nzika, poti mayi anu ndi a ku Domwe. Ngati kholo lanu ndi la kunodi pali njira yake yalamulo, itsateni, koma yogula kuseri ija ndi mlandu wokulirapo kuposa kupitirira masiku.

Munthu amene ambiri timamudumpha koma ndi wofunika ndi secretário do bairro, komanso chefe do quarteirão, ali ngati nyakwawa ya m'tauni. Mukapeza nyumba pitani mukadzionetse, bambo ndabwera ndikukhala pa nyumba ya akutiakuti. Kalata yake yotsimikiza kuti mumakhala m'deralo idzafunika malo ambiri, ndipo zikakuvutani usiku ndi amene adzanene kuti uyu timamudziwa. Kazembe wathu wamkulu ali ku Maputo koma mu Tete momwemu muli consulado ya Malawi, ofesi yaing'ono ya kazembe, dziwani pamene ili musanataye pasipoti osati mutataya.

Tsopano za ana, pamene pamandipweteka mtima kwambiri. Kwathu sukulu imatsegulira mu Seputembala, kuno chaka chimayamba mu February nkutha chakumapeto kwa chaka, nde mukamutenga mwana ku Ntcheu mu Julaye atangotsekera, adzakhala pakhomo miyezi yambiri akuthamangitsa nkhuku. Kulembetsa, komwe amati matrícula, kwa oyamba 1ª classe kumachitika chaka chisanathe, musadikire Januwale. Mwana amayamba ali ndi zaka 6. Lamulo la maphunziro la 2018 linasintha zinthu, pulayimale ndi makalasi 6, sekondale kuyambira 7 mpaka 12, ndipo mwana akuyenera kuphunzira mpaka 9ª classe. Kwathu pulayimale ndi zaka 8 sekondale 4, zonse pamodzi 12 chimodzimodzi, koma musaganize kuti wa Sitandade 7 angolowa 7ª classe basi. Amafuna makalata a sukulu imene akuchokera, omasuliridwa m'Chipwitikizi ndi womasulira wovomerezeka, ndipo kwa amene ali ndi satifiketi za MANEB pamafunika equivalência, kalata yofananitsa maphunziro akwathu ndi a kuno, yochokera ku unduna wa maphunziro, zomwe sizituluka sabata imodzi. Choncho musachoke kumudzi opanda lipoti la mwana ndi kalata ya ahedi yokhala ndi chidindo.

Mwana wanga wamkazi kwathu sankatsika pa nambala 3. Titabwera anamubweza kalasi imodzi, ine ndinakwiya, mayi ake analira, koma teremu yoyamba pepala la Chipwitikizi linabwera ndi 6. Ndinayamba ndasokonezeka poti kuno samawerengera pa 100, amawerengera pa 20 ndipo kukhoza kumayambira pa 10. Madzulo ena ndinamupeza atakhala pakhonde kope lili pamiyendo, samu yochulukitsa yoti amaidziwa bwinobwino, koma funso lonse lili m'Chipwitikizi, akungoliyang'ana, thukuta lili kamukamu ndi kutentha kwa ku Tete kuja. Anandifunsa kuti adadi kodi ndine mbuli? Mawa lake ndinakapeza mnyamata wa 12ª classe wa nyumba yoyandikana nayo kuti azimupatsa explicação, ndiye ngati part time ya kwathu ija, ola limodzi tsiku lililonse. Pofika teremu yachitatu anali pa 13 ndipo lero ndi amene amandimasulira makalata a eni nyumba. Ana aang'ono amatola msanga, ovutika ndi amene abwera atakula, moti ine maganizo anga ndi oti mwana amene wafika Fomu 2 kapena 3 musiyeni amalize MSCE kwathu kwa azakhali ake, musamuzule. Ena atsutsa, koma ndaona anyamata angapo akuthera pa txopela, njinga zamoto zonyamula anthu, chifukwa chozulidwa pakati.

Kumidzi ina ku Angónia ziliko sukulu zimene makalasi oyamba amaphunzitsa m'Chinyanja pamodzi ndi Chipwitikizi, ngati muli kufupi ndi yotere ndi mwayi kwa mwana wongobwera kumene. M'tauni sukulu zambiri zimayenda mosinthana, ena mmawa ena masana, akuluakulu usiku, nde funsani kuti wanu ali turno iti musanagwirizane ndi abwana za nthawi yolowera ntchito. Ndipo akaitana msonkhano wa makolo pitani ndithu ngakhale mukumva theka lokha, khalani pafupi ndi mayi wa Chinyungwe akunong'onezani.

Kanthu kena kakang'ono koma koluma ndi kalembedwe ka maina. Mwana akabadwira kuno mukamulembetsa ku Registo Civil, imani pomwepo muone mmene akulembera, chifukwa dzanja lozolowera Chipwitikizi limalemba Muale pamene inu mukuti Mwale, Chicondi pamene mukuti Chikondi. Lero zikuoneka zoseketsa, koma tsiku lomupangira pasipoti kapena kulembetsa mayeso mudzauzidwa kuti dzina la bambo silikugwirizana ndi la mwana. Lembani papepala zilembo zikuluzikulu mupereke.

Za nyuzi ndisachulutse. Ambiri tili kuno thupi lokha, khutu lili ku Zodiak ndi MBC, maso pa Facebook ya Nation ndi Times, timadziwa mtengo wa chimanga ku Lilongwe koma osadziwa kuti mawa kuno ndi holide maofesi atseka. Nyuzipepala za kuno zimachokera kutali, Notícias ndi O País ku Maputo, Diário de Moçambique ku Beira, nde palinso za pa sabata monga Savana ndi Canal de Moçambique zomwe zimaluma boma kwambiri, ya Canal ija mpaka ofesi yake inatenthedwa mu 2020. Notícias imayenda kufupi ndi boma koma zidziwitso ndi ntchito zimatuluka mmenemo, ndiye werengani mbali zonse muziphatikiza nokha. Amene Chipwitikizi sichinakhazikike tsegulani Rádio Moçambique ya chigawo cha Tete, imaulutsanso m'Chinyungwe ndi m'Chinyanja, ndipo mawailesi a m'madera ndi amene amalengeza za matrícula, katemera ndi misonkhano ya bairro.

Ubwino womvera za kuno tinauona kumapeto kwa 2024 zisankho za mu Okutobala zitavuta, misewu ikutsekedwa, intaneti ikudukaduka, matanka a mafuta ochokera ku Beira osadutsa, mpaka kwathu kunali mizere pa filling station. Pa WhatsApp pankayenda mavoisi oti boda yatsekedwa, ena akuti alendo akuthamangitsidwa, munthu osadziwa chenicheni nchiti. Amene ankamvera wailesi ya kuno ndi kufunsa ma neba ankadziwa tsiku loyenda ndi tsiku lokhala m'nyumba. Ndipo ndale za eni musalowerere, kaya pa bawo kaya pa Facebook, mlendo wogwidwa pa chionetsero nkhani yake imathera ku Migração. Akuluakulu ambiri kuno amakumbukira kuti nthawi ya nkhondo isanathe mu 1992 anakhalapo ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Mwanza ngati othawa, ena anaphunzira sukulu konko, moti ukanena kuti ndine wa ku Malawi kawirikawiri amayamba kukufunsa za ku Lizulu ndi ku Biriwiri. Secretário wa kwathu kuno tsiku limene ndinakadzionetsa anandiimbira nyimbo ya fuko lathu ndime yonse yoyamba osaphonya, atamaliza anatambasula dzanja nkuti chabwino achimwene, tione pasipoti.