Kukonzanso mbiri ya ngongole ndi kupeza ngongole yogulira nyumba ku England mutadutsa mu bankruptcy, IVA kapena DRO

Munthu amene ngongole zinamukulira ku England kapena ku Wales mpaka analowa mu bankruptcy (kulengezedwa mwalamulo kuti walephera kubweza ngongole), IVA (mgwirizano wobweza gawo la ngongole pang'onopang'ono) kapena DRO (chigamulo chothetsa ngongole za munthu wopeza zochepa), kawirikawiri amauzidwa ndi anzake kuti zogula nyumba angoziiwala. Zimenezo si zoona, koma njira yake ndi yaitali, ndipo imayendera masiku amene analembedwa m'makaundula, osati mmene mwini wake akudzimvera mumtima kuti wasintha. Malangizo awa akutsata malamulo a ku England ndi Wales. Ku Scotland kuli dongosolo lakelake, limene limayang'aniridwa ndi ofesi ya Accountant in Bankruptcy, ndipo mayina a njira zake ndi ena.

Yambani ndi kudziwa masiku anu bwinobwino. Munthu wa mu bankruptcy amamasulidwa pakatha miyezi 12 ngati wagwirizana bwino ndi Official Receiver, yemwe ndi mkulu wa boma woyendetsa nkhaniyo, DRO nayonso imatenga miyezi 12, pamene IVA imatenga zaka 5 kapena 6. Chimene ambiri amasokoneza n'chakuti zaka 6 zimene nkhaniyi imakhala pa mbiri yanu ya ngongole zimawerengedwa kuchokera tsiku limene inayamba, osati tsiku limene inatha. Amene analowa mu bankruptcy mu Marichi 2022 ndi kumasulidwa mu Marichi 2023, mbiri yake iyenera kuyera mu Marichi 2028, ndipo amene wamaliza IVA ya zaka 5 amakhala kuti watsala ndi chaka chimodzi chokha. Mu kaundula wa boma wotchedwa Individual Insolvency Register dzina limachotsedwa pakatha miyezi itatu chimalizireni. Musadikire kuti wina akukumbutseni zopeza umboni wolembedwa. Pemphani kwa Insolvency Service, nthambi ya boma yoona za nkhanizi, kalata yotsimikiza kuti munamasulidwa, kapena satifiketi yomaliza IVA kwa amene ankayendetsa mgwirizano wanu, ndipo muisunge pamalo amodzi ndi pasipoti, chifukwa pafupifupi aliyense amene mudzamupemphe ngongole ya nyumba adzafuna kuiona. Dziwaninso kuti mu bankruptcy, ngati munagwirizana zopereka gawo la malipiro anu mwezi uliwonse, mgwirizano umenewo umatha kupitirira mpaka zaka 3 ngakhale mutamasulidwa, ndiponso kuti musanamasulidwe simuloledwa kukongola ndalama zoposa £500 popanda kuuza wokukongozaniyo za vuto lanu.

Mukatero, tengani malipoti anu ku makampani onse atatu osunga mbiri za ngongole, omwe ndi Experian, Equifax ndi TransUnion. Lamulo limakupatsani ufulu woona lipotilo popanda kulipira, choncho palibe chifukwa cholembetsera zolipira mwezi ndi mwezi kuti muone zimene zalembedwa pa dzina lanu. Tengani onse atatu chifukwa si banki iliyonse imene imatumiza nkhani ku makampani onsewa, ndipo cholakwika chimene sichikuoneka pa lipoti limodzi chikhoza kukhala pa linzake, lomwe mwina ndi limene banki yanu idzawerenge.

Pano ndi pamene pali ntchito yaikulu, ndipo ine ndimaona kuti ambiri amataya zaka popanda chifukwa pa mfundo imeneyi. Ngongole iliyonse imene inalowa mu bankruptcy, IVA kapena DRO imakhala ndi chizindikiro cha default, kusonyeza kuti munalephera kubweza, ndipo chizindikirocho chimakhalanso zaka 6 kuchokera pa tsiku limene chinaikidwa. Tsiku limenelo siliyenera kukhala la pambuyo pa tsiku limene munalowa mu dongosolo la kulephera kubweza ngongole. Koma zimachitika kuti kampani ina inachedwa kulemba, n'kuika default patatha miyezi 8 kapena chaka, kapena ngongoleyo inagulitsidwa kwa kampani yotolera ngongole imene inailembanso ngati yatsopano. Zotsatira zake n'zakuti bankruptcy yeniyeniyo imafufutika pa nthawi yake, koma ngongole imodzi ya foni kapena ya khadi imatsalabe n'kumakuipitsirani mbiri kwa chaka china. Werengani akaunti iliyonse payokha, muyerekeze tsiku la default ndi tsiku lanu loyambira, ndipo muonenso ngati ngongole zimene zinathetsedwa zikusonyeza kuti palibe chotsala, m'malo mooneka ngati mukadali kuzemba kulipira mwezi uliwonse.

Mukapeza cholakwika, lemberani kampani imene inakukongozaniyo, muikemo kope la umboni wanu, ndipo mudziwitsenso kampani yosunga mbiriyo, yomwe ili ndi masiku 28 oti ikuyankheni. Ngati wokongozayo sanakonze kapena sanapereke yankho lomaliza pakatha milungu 8, mukhoza kukadandaula kwa Financial Ombudsman Service, bungwe lomva madandaulo okhudza makampani a zachuma, ndipo nkhani ya zolembedwa zabodza pa dzina lanu imamvedwanso ndi Information Commissioner's Office. Zonsezi n'zaulere. Makampani amene amalonjeza kukuyeretserani mbiri mukawalipira alibe mphamvu iliyonse imene inu mulibe, ndipo nkhani yoona palibe amene angaifufute nthawi yake isanakwane. Thandizo laulere limapezeka ku StepChange, National Debtline ndi Citizens Advice. Mulinso ndi mwayi woika pa lipoti lanu mawu osapitirira 200 ofotokoza chimene chinachitika, monga matenda kapena kutha kwa ntchito, ngakhale kuti mawuwo amachedwetsa mapempho ena chifukwa amafuna kuti munthu awawerenge m'malo mwa kompyuta.

Onaninso mayina a anthu amene alumikizidwa ndi inu pa lipotilo. Akaunti kapena ngongole ya anthu awiri imamanga mbiri zanu pamodzi, moti mavuto anu amatha kukhudza akunyumba kwanu, ndipo mavuto a munthu amene munasiyana naye kalekale amatha kukutsatani. Ngati palibenso akaunti imene mukugawana, pemphani kuti kulumikizanako kuchotsedwe. Ukwati pawokha sulumikiza mbiri za anthu awiri, koma akaunti yogawana ndi imene imatero.

Chinthu chosavuta chimene chimathandiza msanga ndi kulembetsa m'kaundula wa ovota ku khonsolo ya kumene mukukhala, popeza mabanki amagwiritsa ntchito kaundulayu potsimikiza kuti ndinu ndani ndipo mumakhala kuti. Anthu ambiri ochokera kwathu amaganiza kuti kaundulayu ndi wa nzika za Britain zokha, pamene nzika za mayiko a Commonwealth, kuphatikizapo Malawi, Zambia ndi Mozambique, zimaloledwa kulembetsa ngati zili ndi chilolezo chokhala m'dzikomo. Mukasamuka, lembetsaninso pa adiresi yatsopano, ndipo adiresiyo ilembedwe mofanana paliponse.

Kumanga mbiri yatsopano sikufuna luso lapadera, kumangofuna kuti miyezi izidutsa popanda chodabwitsa chilichonse. Ngati akaunti yanu yakale inatsekedwa, tsegulani basic bank account, imene mabanki akuluakulu amakakamizidwa ndi lamulo kupereka, ndipo ilibe mwayi wotapa ndalama zoposa zimene muli nazo. Mabilu a magetsi, gasi, madzi, foni ndi msonkho wa khonsolo azilipidwa ndi direct debit, kutanthauza kuti ndalamazo zizidulidwa zokha mu akaunti yanu, pa tsiku loyandikana ndi tsiku la malipiro. Pakapita miyezi ingapo chimasulidwireni, pemphani khadi limodzi la ngongole la anthu amene akukonza mbiri yawo. Makhadi amenewa amakhala ndi malire ochepa ndiponso chiwongoladzanja chokwera kwambiri, choncho ntchito yake si kukongolera, koma kuguliramo kanthu kakang'ono komwe mukanagula ndi kale, monga mafuta a galimoto, kenako n'kubweza ndalama yonse mwezi womwewo kuti chiwongoladzanjacho chisakukhudzeni. Musamatape ndalama pa makina ndi khadi limeneli, ndipo musamalifikitse kumalire ake. Amene akuchita lendi angathenso kugwiritsa ntchito makampani monga CreditLadder kuti lendi imene amalipira mokhulupirika izilembedwa pa mbiri yawo.

Musatengeke ndi nambala ya mapointi imene mumaona pa foni. Kampani iliyonse ili ndi kawerengedwe kake, ndipo banki yokongoza ndalama za nyumba siyang'ana nambalayo, imawerenga zimene zili m'kati mwa lipoti n'kuziyeza ndi muyeso wake. Chimene imadana nacho kwambiri ndi vuto latsopano lobwera pambuyo pa bankruptcy, chifukwa kuphonya kulipira kamodzi kokha chaka chatha kumatha kulemera kuposa ngongole zambiri za zaka 5 zapitazo. Ngongole za katapila zobweza pa tsiku la malipiro, ngakhale zitabwezedwa pa nthawi yake, zimaoneka ngati chizindikiro chakuti ndalama sizikukwana, ndipo juga yooneka pa sitetimenti ya ku banki imaononga chimodzimodzi. Pempho lililonse la ngongole limasiya chizindikiro chimene ena amachiona kwa chaka, choncho musanapemphe gwiritsani ntchito zida zoyezera mwayi wanu zimene zimachita soft search, yomwe okongoza ena saiona.

Tikafika pa ngongole ya nyumba yeniyeniyo, zinthu ziwiri ndi zimene zimalamula, zomwe ndi kutalika kwa nthawi chimasulidwireni ndi kukula kwa dipoziti. M'chaka choyamba okongoza amakhala ochepa kwambiri, ndipo amene angavomere amafuna dipoziti yaikulu ndi chiwongoladzanja chokwera. Pakadutsa zaka 3 makomo amayamba kutseguka, makamaka ku ma building society (mabungwe osunga ndi kukongoza ndalama omwe eni ake ndi mamembala awo) ndi kwa okongoza amene ntchito yawo ndi ya anthu a mbiri yovuta, ndipo pakadutsa zaka 6 mabanki ambiri odziwika amayamba kukuganizirani ngati wina aliyense. Kusiyanaku si kwa masewera, chifukwa pa nyumba ya £200,000 dipoziti ya 25 peresenti ndi £50,000 pamene ya 10 peresenti ndi £20,000. Ngati mwatsala ndi miyezi yochepa kuti zaka 6 zikwane, nthawi zambiri kudikira kumapindulitsa kuposa kuthamangira.

Posunga dipoziti, amene ali ndi zaka zapakati pa 18 ndi 39 angatsegule akaunti yosungira ndalama yotchedwa Lifetime ISA, mmene boma limaonjezera 25 peresenti pa ndalama zosapitirira £4,000 pa chaka, pogula nyumba yoyamba ya mtengo wosaposa £450,000, akauntiyo itakhala yotsegula kwa miyezi 12. Koma mawu akuti nyumba yoyamba amatanthauza kuti simunakhalepo ndi nyumba kulikonse padziko lapansi, moti amene ali ndi nyumba ya m'dzina lake ku Area 25 kapena ku Chilomoni, ngakhale yosiyiridwa ndi makolo, sawerengedwa ngati wogula koyamba. Ndalama za dipoziti ziyeneranso kukhala ndi chiyambi chooneka, chifukwa loya woyendetsa kugula nyumbayo amakakamizidwa kufunsa kumene zachokera. Ndalama za chipereganyu zimene zangolowa mu akaunti kamodzin'kamodzi popanda chikalata zimavuta kuzifotokoza, choncho ngati muli m'gulu lotere, zopereka zanu zizidzera ku banki ndipo pakhale zolembedwa. Mphatso ya m'bale imafuna kalata yotsimikiza kuti si ngongole. Ndalama zimene mumatumiza kumudzi mwezi uliwonse zidzaoneka pa sitetimenti ndipo zikhoza kuwerengedwa ngati gawo la zimene mumawononga, zomwe zingachepetse ndalama imene angakukongozeni, yomwe kawirikawiri imafika pafupifupi kanayi kapena kanayi ndi theka ka malipiro a pa chaka.

Musayende nokha banki ndi banki, chifukwa mapempho ambiri otsatizana amadetsa lipoti limene mwavutika kuliyeretsa. Pezani broker, yemwe ndi mkhalapakati wokufunirani ngongole ya nyumba kwa okongoza, wodziwa za anthu amene anadutsa mu bankruptcy, mutsimikize kuti dzina lake lili m'kaundula wa Financial Conduct Authority, bungwe loyang'anira makampani a zachuma, ndipo mufunse malipiro ake musanayambe. Muuzeni mabanki amene munali nawo ngongole, popeza banki imasunga zolemba zake kupitirira zaka 6 ndipo mayina angapo amakhala a kampani imodzi, monga Halifax ndi Bank of Scotland zomwe zili pansi pa Lloyds Banking Group. Muuzeninso za chilolezo chanu chokhala m'dzikomo, chifukwa okongoza ena amafuna dipoziti yokulirapo kwa munthu amene alibe chilolezo chokhazikika.

Pa fomu pakakhala funso lakuti kodi munalowapo mu bankruptcy kapena IVA pa moyo wanu, yankhani zoona ngakhale lipoti lanu litayera. Chidziwitso cha bankruptcy chimasindikizidwa mu The Gazette, nyuzipepala ya zidziwitso za boma, ndipo loya amafufuza dzina lanu m'kaundula wa Land Charges ndalama zisanatuluke, moti bodza likhoza kutulukira pa nthawi yoipitsitsa, mutalipira kale oyeza nyumba ndi loya, mwinanso mutasainirana kale ndi wogulitsa. Kunama pa fomu yotere ndi mlandu wa chinyengo pansi pa Fraud Act 2006.

Konzeranitu mapepala a malipiro ndi masitetimenti a miyezi itatu yapitayo, ndipo ngati mumadzilemba nokha ntchito, zikalata za msonkho za zaka ziwiri. Ngongole yoyamba ikabwera ndi chiwongoladzanja chokwera, ambiri amasankha mgwirizano wa chiwongoladzanja chosasintha wa zaka ziwiri m'malo mwa zaka 5, kuti zaka 6 zija zikakwana asamukire kwa wokongoza wotsika mtengo. Musanasaine, funsani chindapusa chimene mungalipire mutachoka mgwirizanowo usanathe, ndipo muyerekeze tsiku limene ukuthera ndi tsiku limene mbiri yanu idzayere.